MWENDO WA PA SONDO NDIWO MWENDO WA PA MANDE

Mau amene analankhula mnzathu wina, amene kale anali kalaliki wa pa mgodi, pa msonkhano wa matimu a mpira a m'komboni.

 

Ambiri a inu mundidziwa. Ine sindine dotolo ai. Sukulu ndinalekeza mu Giredi 7, ndipo nchito imene ndinagwira zaka zingapo inali ya ukalaliki pa mgodi: kulemba amene walowa, amene waturuka, amene wadwala ndi amene sanabwere. Madzulo ndinali kuthandiza timu ya m'komboni mwathu. Lero ndifuna kukuuzani cinthu cimodzi cimene ndinaciphunzira mocedwa, ndiponso ndinaciphunzirira pa mwendo wa munthu wina. Cinthuco ndi ici: mwendo umene mumenyera mpira pa Sondo ndi womwewo umene ukupititsani ku nchito pa Mande. Palibe wina wa inu ali ndi mwendo wacitatu wosungira ku nyumba.

Tinali ndi mnyamata m'timu mwathu, waliwiro ndithu, wokwatira, wa ana awiri. Dzina lace sindichula. Tsiku lina m'mwezi wa October anaturuka ku shifiti ya usiku, anagona pang'ono, anadya banzi limodzi, nafika pa bwalo dzuwa liri paliwombo. M'cigawo coyamba anabinya kakolo. Anakhala pansi nandiyang'ana. Ine ndinamanga phazilo ndi nsaru, ndinati, "Limba mtima mphwanga, tatsala pang'ono kupambana." Analowanso ali kutsimphina. Mpira uli pafupi kutha analumpha kuti amenye ndi mutu, ndipo potera anaopa phazi lopwetekalo, natera ndi mwendo winawo wokha. Palibe anamgunda. Tonse tinangomva bondo kuti phwa!

Pa Mande ndinatsegula buku langa ku ofesi, ndipo ndi dzanja langa lomwe ndinalemba kuti sanabwere. Pa Ciwiri cimodzimodzi. Popeza sanabvulalire pa nchito, cipukuta misozi panalibe. Kontrakiti yace itatha sanamlembenso. Mkazi wace anayamba kugulitsa vitumbuwa pa mseu kuti ana adye. M'komboni munamveka mbiri yakuti timu inayo inakwirira mankhwala pa golo. Ine ndinakhala cete, koma mumtima ndinadziwa kuti mankhwala ace anali anai: tulo tocepa, mimba yopanda kanthu, dzuwa, ndi pakamwa panga.

Abale, pa mgodi munthu akapweteka sanena kuti ndi tsoka basi ai. Alemba m'buku: ora lanji, malo ati, anali kucita ciani, anabvala ciani. Alemba kuti mawa wina asapwetekere pomwepo. Tsono ndinadzifunsa kuti, bwanji pa bwalo siticita cimodzimodzi? Ndinagula kabuku, ndinayamba kulemba yense wobvulala m'timu mwathu. Posacedwa ndinaona kuti maina acuruka kumapeto kwa mpira pamene anthu alema, m'miyezi yotentha, ndi pakati pa amene acokera ku shifiti ya usiku. Pambuyo pace ndinapita ku maphunziro a aphunzitsi a matimu, ndipo ndinamva kuti kuli akatswiri amene nchito yao yonse ndi kupima thupi la munthu wosewera: cimene lidya, m'mene liyendera, ndi cimene liphula. Safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, ndipo zimene ndinamva ndaziika m'mitu inai.

CAKUDYA

Mu 1966 madotolo awiri a ku Sweden, Jonas Bergström ndi Eric Hultman, anakhala wina uku wina uko pa njinga imodzi yosayenda, yense napalasa ndi mwendo umodzi wokha kufikira mwendowo utalemeratu. Ndi singano anacotsa kanyama kakang'ono ka m'nchafu nakapima. Anali kufuna cakudya cimene thupi lisunga m'minofu. Iwo acicha glycogen, koma ife tingonena kuti nkhokwe. Anapeza kuti m'mwendo wopalasa nkhokwe yatha, m'mwendo wopuma ikali yodzala. Anadya zakudya za mtundu wa nsima masiku atatu, ndipo popimanso anapeza kuti mwendo umene unagwira nchito wadzaza nkhokwe pafupi kawiri kuposa unzace.

Nkhokwe imeneyi si yaikuru. M'minofu yonse ndi m'ciwindi pamodzi muli ngati theka la kilogalamu cabe. Wosewera wa timu yaikuru athamanga makilomita 10 kufikira 12 pa mpira umodzi, ndipo pofika kumapeto nkhokwe iri pafupi kutha. Ikatha miyendo ilemera, munthu ayamba kuyenda m'malo mwa kuthamanga, ndipo phazi liponda molakwa. Cimene cidzaza nkhokwe ndi nsima, mpunga, kandolo, cinangwa, buledi ndi nthoci. Cotero idyani bwino dzulo lace, ndipo tsiku la mpira idyani maora atatu kapena anai musanalowe m'bwalo, ndiwo zosacuruka mafuta. Likatsala ora limodzi, nthoci imodzi kapena ziwiri zikwana. Mukatha kusewera musacedwe kudya.

Nsima ipatsa mphamvu, koma cimene cikonza minofu yong'ambika ndi ndiwo. Akatswiri anena kuti munthu wolemera makilogalamu 70 amene asewera kwambiri afuna cakudya comanga thupi pafupi magalamu 100 pa tsiku. Dzira limodzi lipatsa magalamu 6. Nshawa zolemera magalamu 100 zipatsa 25. Nyemba zouma zolemera cimodzimodzi zipatsa ngati 20. Kapenta wouma, kupitirira theka la kulemera kwace ndi comanga thupi cokhacokha, ndipo popeza timdya ndi minga yomwe, alimbitsa ndi mafupa omwe. Onani kuti zonsezi ziri pa msika wathu. Musataye ndarama pa zitini za ufa wokometsedwa zimene agulitsa m'tauni pamene cibwabwa cotendera, nyemba ndi kapenta ziri pakhomo. Atsikana inu, amene mutaya magazi mwezi ndi mwezi, musaleke ciwindi, kapenta, bondwe ndi kalembula; ndipo tiyi musamwere pamodzi ndi cakudya, cifukwa aletsa thupi kutenga bwino cimene cipanga magazi. Dikirani lipite ora.

MADZI

Inu amene munalowapo pansi pa mgodi mudziwa thukuta. Ku migodi ya golide ya kufupi ndi Johannesburg, m'zaka za 1960, anthu atsopano anali kuyamba awaika m'cipinda cotentha, kukwera ndi kutsika pa sitepe maora angapo tsiku ndi tsiku, asanawatsitse pansi. Anthu anaida nchito imeneyo, koma cimene cinadziwika nco coona: thupi lizolowera kutentha pang'ono pang'ono, ndipo lifuna sabata imodzi kapena ziwiri. Conco munthu amene wakhala mwezi osasewera, asayambire pa maminiti 90 a dzuwa la October.

Pa dzuwa lotere wosewera ataya thukuta lita imodzi kapena awiri pa ora. Mungayese nokha. Kwerani pa sikelo musanasewere, kweraninso mutatha. Kilogalamu iri yonse imene yacoka ndi lita imodzi ya madzi imene yaturuka. Munthu wa makilogalamu 70 akataya kilogalamu imodzi ndi theka, liwiro licepa ndipo mutu uleka kuganiza msanga. Ngati sikelo palibe, yang'anani mkodzo m'mawa: woyera bwino ndiye kuti madzi akwana, wofiira ngati tiyi ndiye kuti muli ndi ngongole ya madzi.

Akuru ena anatiphunzitsa kuti kumwa madzi pa mpira kulemeretsa mimba, ndi kuti mwamuna weniweni apirira ludzu. Zimenezo nzolakwa. Pa mpikisano wa dziko lonse wa ku Brazil mu 2014, woimbira anaimitsa mpira wa Netherlands ndi Mexico maminiti atatu kuti osewera amwe madzi kaamba ka kutentha. Ngati akatswiri olipidwa aima kuti amwe, ife ndife yani? Imwani pang'ono pang'ono, musanayambe, pa kupuma, ndi potha. Musadzikakamize kumwa malita ambiri nthawi imodzi, cifukwa madzi opitirira muyeso nawonso adwalitsa. Mutatha kusewera, maheu kapena munkoyo wosasasa ndi cakudya ca mcere zibweza zimene zatayika. Mowa subweza ai. Uonjeza kukodza, ndipo pamene pabvulala patupa koposa.

Mukaona munthu ali kudzandira pa dzuwa, alankhula zosamveka, thupi liri moto, musamuike pambali kuti apume yekha. Mtengereni pa mthunzi, mbvuleni jezi, mthireni madzi ozizira thupi lonse, mkupizeni, ndipo wina athamangire galimoto. Kumziziritsa kuyambe pomwepo, osadikira kufika ku cipatala.

KAPONDEDWE KA MWENDO

Yense wa inu ananyamulapo thumba la simenti la makilogalamu 50. Mukaligwira pafupi ndi cifuwa, maondo opinda, msana woongoka, linyamulika. Mukaligwira patali mutawerama, thumba ndi lomwelo koma msana ulira. Kulemera sikunasinthe, casintha ndi kaimidwe. Nzeru imeneyi ndiyo akatswiri aipima pa osewera. Apeza kuti pothamanga, phazi liri lonse likaponda pansi, mwendo ulandira kulemera kwa thupi kawiri kapena katatu. Kwa munthu wa makilogalamu 70, ndiye ngati matumba a simenti atatu kapena anai pa mwendo umodzi. Potera kucokera m'mwamba kulemerako kuposa pamenepo.

M'kati mwa bondo muli mtsempha wolimba ngati cingwe umene ugwira pfupa la nchafu ndi pfupa la msongolo kuti zisasemphane. Munthu akatera mwendo uli cirili, kapena akakhota mwadzidzidzi bondo ndi kugwera m'kati, cingweco ciduka. Ndico cinaduka kwa mnyamata wathu uja. Nthawi zambiri ciduka popanda munthu wokugunda. Cikaduka, kawirikawiri cifuna opaleshoni, ndipo kubwerera ku mpira kutenga miyezi isanu ndi inai kapena kupitirira. Kwa atsikana ciduka kawirikawiri kuposa kwa anyamata. Tsono lamulo lace ndi ili: potera, terani ndi kutsogolo kwa mapazi, mofewa, pindani maondo ndi ciuno monga mufuna kukhala pa mpando, ndipo bondo liyang'ane kumene zala za phazi ziyang'ana. Lisagwere m'kati.

Zimenezi ziphunzirika. Mu 2006 bungwe la FIFA pamodzi ndi akatswiri linakonza ndondomeko ya kutenthetsa thupi yochedwa 11+. Itenga maminiti 20: maminiti 8 kuthamanga pang'ono pang'ono awiri awiri, maminiti 10 kulimbitsa mimba, ciuno ndi nchafu, kuima ndi mwendo umodzi, kulumpha ndi kutera bwino, ndi maminiti 2 kuthamanga mwamphamvu ndi kukhota. Anaiyesa ku Norway pa atsikana pafupi 1,900, ndipo zotsatira zace zinaturuka mu 2008: kubvulala kunacepa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo kubvulala kwakukuru kunacepa pafupi ndi theka. Mwina wina anena kuti izo nza ku Ulaya kumene mabwalo ali ndi udzu wabwino. Iai. Anaiyesanso pa anyamata a matimu 20 a ku Lagos, ku Nigeria, ndipo mu 2014 anaonetsa kuti kubvulala kunacepa ndi 41 pa 100 ali onse. Cofunika ndi kuicita kawiri pa sabata osadumpha.

Cimodzi mwa zocita zace ndikuuzeni, cifukwa ambiri a inu mwang'ambapo mnofu wa kumbuyo kwa nchafu pothamangira mpira. Gwadani pa cinthu cofewa, mnzanu agwire akakolo anu zolimba. Thupi likhale loongoka kucokera ku maondo kufikira ku mutu. Tsono yambani kugwera kutsogolo pang'ono pang'ono, muli kudziletsa ndi minofu ya kumbuyo kwa nchafu, kufikira mutalephera, ndipo mudzilandire ndi manja. Poyamba citani katatu kapena kasanu cabe, cifukwa mawa lace mudzamva kuwawa. Anaciyesa ku Denmark pa amuna oposa 900 a mpira, ndipo mu 2011 zinadziwika kuti kung'ambika kwa mnofu umenewu kunacepa kupitirira theka. Sicifuna makina, sicifuna ngwee imodzi. Cifuna mnzanu ndi thumba lopinda la pansi pa maondo.

Aphunzitsi anzanga, muonjeze nchito pang'ono pang'ono, sabata ndi sabata. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Kuthamangitsa anthu mpaka kusanza tsiku loyamba si kuphunzitsa ai. Thupi likula pamene lipuma, ndipo munthu wamkuru afuna tulo ta maora 7 kapena kuposa. Funsani yense kuti ali pa shifiti yanji sabata ino. Wocokera ku shifiti ya usiku asewere cigawo cimodzi. Ndipo monga a pansi pa mgodi ayamba ayang'ana denga asanayambe nchito, inunso yendani bwalo lonse mpira usanayambe: tolani miyala ndi magalasi, kwirirani maenje. Wopanda zochinjiriza msongolo asalowe.

NTHAWI YOLEKA

Apa ndipo ine ndinacimwira, tsono mverani bwino.

Munthu akabinya kakolo, aturuke. Ikani madzi oundana okulunga m'nsaru maminiti 15 kapena 20, mangani bandeji yosathina kwambiri, ndipo phazi likhale pamwamba. Masiku awiri kapena atatu oyamba musasisite mwamphamvu, musathowe ndi madzi otentha, musateme mphini, musakoke. Ngati sangathe kuyenda mapazi anai, kapena pfupa lenileni lipweteka mukalikhudza, apite ku cipatala akamjambule. Ululu ukatha asathamangire mpira. Ayambe kuima ndi mwendo umodziwo tsiku ndi tsiku, cifukwa kakolo amene anabinyapo sacedwa kubinyanso.

Munthu akagundana mutu ndi mnzace, nacita cizungulire, kapena osakumbukira kuti zigoli ndi zingati, bongo wagwedezeka, ngakhale sanakomoke. Tsiku limenelo asabwerere m'bwalo, ngakhale acondelere, ngakhale uli mpira wa cikho. Asakhale yekha usiku umenewo, asamwe mowa, asayendetse galimoto kapena makina. Akayamba kusanza, mutu ndi kukula kupweteka, kapena tulo tosadzutsika, thamangani naye ku cipatala.

Munthu amene thupi latentha, kaya ndi malungo kaya cimfine cacikuru, asasewere kufikira atacira. Mau akuti thukuta licotsa matenda ndi onama.

Cotsiriza ndi mtima. Mu 2007 Chaswe Nsofwa, wosewera wa dziko lathu, anagwa pa bwalo ku Israel ali kukonzekera ndi timu yace, namwalira ali ndi zaka 28. Mu 2022 Enock Mwepu analeka mpira ali ndi zaka 24, ali ku Brighton, cifukwa madotolo anampeza ndi bvuto la mtima la ku mtundu. Tinamva cisoni, koma kupimako kunasunga moyo wace. Conco ngati mumva kupweteka m'cifuwa pothamanga, ngati munakomokapo muli kusewera, kapena ngati m'banja mwanu wina anamwalira mwadzidzidzi akali wamng'ono, pitani mukapimitse musanasewerenso. Ndipo munthu akagwa yekha pa bwalo popanda womgunda, osayankha, osapuma bwino, musataye nthawi kumthira madzi kapena kumpanitsa supuni m'kamwa. Mgonekeni cagada, ikani manja pakati pa cifuwa, kanikizani mwamphamvu, masentimita 5 kapena 6, nthawi 100 kufikira 120 pa miniti, osaleka kufikira thandizo litafika. Mu 2021 Christian Eriksen wa ku Denmark anagwa motero pa bwalo. Anamkaniza cifuwa pomwepo, namdzidzimutsa mtima ndi makina, ndipo caka cotsatira anasewanso mpira.

ZIMENE NDIPEMPHA

Abale, mphatso tiri nayo kuyambira kale. Mu December 1958 Yotham Muleya, mnyamata wophunzira umakanika ku Lusaka, anathamanga mamailo atatu ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, wopanda nsapato, napambana Gordon Pirie, katswiri wa ku Britain. Mu 1991 Samuel Matete wa ku Chingola anatenga golide wa dziko lonse ku Tokyo. Anthu otere abadwa m'makomboni ndi m'midzi mwathu momwe muno. Koma angati amene anathera pa bwalo la pfumbi ali ndi zaka 20, kaamba ka bondo limene likadapulumuka?

Tsono ndipempha zinthu zinai, ndipo palibe cimodzi codula. Coyamba, timu iri yonse ikhale ndi kabuku, mulembe yense wobvulala, tsiku, miniti, malo a m'thupi, ndi cimene anadya. Pakutha pa caka tidzakhale pamodzi tiwerenge. Caciwiri, timu iri yonse ifike pa bwalo ndi cigubu ca madzi abwino ca malita 20. Cacitatu, maminiti 20 otenthetsa thupi akhale lamulo, ndipo wofika mocedwa asalowe asanacite. Cacinai, timu iri yonse itumize anthu awiri akaphunzire thandizo loyamba kwa a Red Cross kapena a St John.

Ndipo inu ocemerera, amai ndi atate, mutithandize. Mnyamata akakhala pansi atagwira mwendo, musamkuwize kuti ndi wamantha. Cikho cimene tilimbirana ndi mbuzi imodzi ndi majezi. Mwendo wace ndiwo lendi, ndiwo thumba la ufa, ndiwo yunifomu ya mwana. Mutu umodzi susenza denga. Mphunzitsi yekha sangathe kuturutsa wosewera wabwino ngati komboni yonse iri kupfuula kuti abwerere.

Mnyamata uja ndimuona masiku onse. Akonza nsapato pafupi ndi msika, ndipo kukazizira atsimphina. Ndinapita kukapepesa kwa iye ndi kwa mkazi wace. Anandikhululukira, ndipo tsopano ndiye asunga kabuku ka timu yathu.